Chipupa cha Matabwa

Mwana wanga ankamutchula kuti Madamu Belu. Dzinalo anamupatsa ndi ana a sukulu, chifukwa akaima pakhonde n'kunena kuti lowani m'kalasi, ngakhale amene ali kuchimbudzi kuseri kwa bwalo la mpira ankamva. Belu lenileni linalipo, chitsulo cha gudumu la galimoto chopachika pamtengo, koma ahedi ankaseka kuti tsiku lina adzachigulitsa kwa ogula zitsulo, poti ntchito yake inatha. Mawu amenewo anatengera bambo ake. Anga ndi aang'ono.

Ndinapita kukakhala naye bambo akewo atamwalira. Iye banja linali litamukanika kale, mwamuna anapita ndi wina, mwana sanasiye. Ndiye anati, "Amayi, inu muli nokha, ine ndili ndekha, tikusungiranji mbale ziwiri?" Basi ndinamanga katundu.

Nyumbayo inali ya sukulu. Zipinda ziwiri, pabalaza, khitchini panja. Pasukulu ponsepo nyumba zinali yathuyo ndi ya ahedi, basi. Aphunzitsi ena onse ankachokera kutali, wina wapansi, wina panjinga. Chitseko cha khitchini chinayang'anizana ndi mawindo a kalasi yake, moti ndikakhala pampando wanga ndikutsuka mbale, zonse ndinkamva. Ine sukulu sindinapite nayo patali. Mphunzitsi wathu anachoka ndili kalasi yachitatu, anati kubwera wina, tinkapita m'mawa uliwonse kukakhala pansi pa zenera kudikira, mpaka tinatopa, bambo anga anati bola ukathandize mayi ako. Nkhani imeneyi ndinkamuuza mwana wanga kuyambira ali wamng'ono, mpaka ankaimaliza yekha ine ndisanafike pakati. Ndiye pakhitchini paja ndinali ngati ndabwerera kusukulu. Madzulo ankandifunsa, "Lero mwamva chiyani, mwana wa sukulu?" Ndikalakwa ankati, "Mawa mubwere ndi makolo anu."

Kalasi yake ndiyenera kuifotokoza bwino, chifukwa nkhani yonse ili pamenepo. Chinali chipinda chimodzi chachitali, chamalata, chopanda siling'i. Pakati anadula ndi chipupa cha matabwa. Matabwawo sanali okhoma. Pansi panali kangalande m'simenti, pamwamba mtanda, ndiye ankangowalowetsa limodzilimodzi. Anapanga dala choncho kuti kukakhala msonkhano wa makolo azichotsa, anthu onse akwane. Mbali ino kunali mwana wanga ndi ana a kalasi yomaliza, olemba mayeso a boma. Mbali inayo kunali a Tayi ndi kalasi yotsatira. Bolodi lina kumapeto uku, lina kumapeto uko, ana atapatsana misana.

A Tayi dzina lawo linachokera pa tayi. Kaya kutenthe bwanji, tayi pakhosi. Ankachokera kutali kwambiri panjinga yopanda mabuleki, thalauza atalipinda m'masokosi. Akafika ankayamba adutsa kukhitchini kwanga kudzapukuta nsapato.

"Agogo, tiyi wa alendo alipo?"

"Wa alendo alipo. Wa anthu ochedwa anatha."

"Si ine wochedwa, agogo, ndi njingayi. Ine ndinafika kalekale mumtima."

"Ndiye uzani mtimawo ulowe m'kalasi, ana akukwera pamadesiki."

Ankaseka, ndinkawathirira. Munthu wabwino, koma wotopa. Anapempha nyumba zaka ndi zaka, nyumba kulibe. Mvula ikagwa msewu unkasanduka phala, ndiye ankafika dzuwa lili pamutu, nthawi zina osafika n'komwe.

Tsono pasukulupo panali kachitidwe kawo. A Tayi akachedwa, ahedi ankaitana mlonda n'kunena mawu amodzi okha, "Katseguleni." Mlonda ankapita kukachotsa matabwa angapo apakati, kuti mwana wanga aziphunzitsa ake uku akusuzumira ana a a Tayi. Iwo akafika, matabwa ankabwerera. Palibe ankaona choipa. Ngakhale ine ndinkati n'kuthandizana, mutu umodzi susenza denga.

Chaka china a Tayi anapeza malo pasukulu ya pafupi ndi kwawo. Tsiku lotsanzika anabwera kukhitchini, mwana wanga ali pomwepo akusenda anyezi.

"Madamu," anatero, "ndikuuzeni chimodzi. Matabwa aja asachotse onse. Angapo apakati, chabwino. Koma akachotsa onse sadzabwezanso."

"Mukuthawa nkhondo, malangizo ndiye mukupereka," anawayankha.

"Wothawa ndi amene amaona bwino kumbuyo."

"Pitani, a Tayi. Mukagule mabuleki."

Lolemba lake ndinamva phokoso la matabwa, osati kamphindi ngati kale, koma kwa nthawi. Nditasuzumira ndinaona mlonda akutuluka nawo limodzilimodzi, kukawasanja kuseri kwa ofesi. Ahedi ataima pakhomo manja kumbuyo.

"Ndi masiku ochepa chabe, Madamu," ndinawamva akutero. "Ndalemba kale kuofesi yaikulu. Wina akubwera."

"Nanga simungasiye theka?"

"Theka likutchingani maso. Ndipo inu mawu muli nawo. Ndikanakhala ndi aphunzitsi atatu ngati inu, bwenzi ndikugona tulo."

Mwana wanga anaseka. Ankakonda kuyamikiridwa, ndinene zoona. Kuyambira ali mwana, ukangoti wasesa bwino, mawa asesa mpaka kwa aneba.

Kuyambira pamenepo chipinda chinakhala chimodzi. Ana anali ochuluka moti ena ankakhala pansi m'mipata ya madesiki, ena pazenera miyendo panja. Iye ankalemba ntchito pabolodi la uku, n'kudutsa pakati pa miyendo ya ana kupita ku bolodi la uko, kuphunzitsa, n'kubwereranso. Akatembenuka kuyang'ana awa, awo ayamba phokoso. Ndiye ankaima pakati penipeni, pamene panali kangalande kaja, n'kumalankhula kuti mbali zonse zimve. Mvula ikayamba pamalata paja, munthu sumva ngakhale chifuwa chako, koma ine kukhitchini ndinkamumvabe. Ndinkanyadira. Ndinkati mwana wanga ameneyo, akuposa mvula.

Akaweruka ankabwera ndi makope odzaza beseni langa lochapira. Ankakhala pakhonde kuchonga mpaka dzuwa kulowa, tsitsi loyera ndi choko, zala zoyera, ngakhale nsidze. Ndinkamuseka kuti wakalamba kundiposa.

"Wina uja afika liti?" ndinkafunsa.

"Akuti vuto ndi nyumba. Amene anamupeza wakana, akuti sangabwere kopanda pogona."

Ndinaganiza usiku umodzi, m'mawa ndinatulutsa katundu wanga m'chipinda. Ndinayala mphasa pabalaza, kuseri kwa mpando.

"Amayi, mukutani?"

"Kauze ahedi chipinda chapezeka. Akhale wamkazi basi."

"Msana wanu uja?"

"Msana wanga sugwira ntchito ya boma."

Anakana, tinakangana, koma ndinapambana ndine. Ndinasesa chipindacho, ndinapaka laimu pamene panali podetsedwa ndi utsi wa nyali, ndinasoka katani ya maluwa kuchokera ku nsalu yanga ina. Ahedi anabwera kudzaona, anagwedeza mutu, anati alembanso. Chipinda chinakhala chotseka. Loweruka lililonse ndinkatsegula, kusesa, kutsekanso.

Mawu anayamba kusasa nyengo yozizira. Poyamba madzulo okha. Ndinkamutenthetsera madzi amchere kuti achukuche, ndinkafinyira ndimu m'tiyi, uchi ndikaupeza. M'mawa ankadzuka ali bwino. Kenaka anayamba kudzuka nawo osasa, n'kumatseguka pang'onopang'ono akalankhula. Ndinamuuza kuti ng'oma yolira kwambiri sichedwa kung'ambika. Anati, "Ng'oma yosalira amakhalira, Amayi."

Chaka chimenecho ana ake anakhoza mayeso kuposa zaka zonse. Makolo anabwera, wina ndi nkhuku, wina ndi sopo. Ndipo tinamva kuti kukubwera woyendera sukulu kuchokera kuofesi yaikulu, kudzaona ndi maso kuti mphunzitsi watsopano akufunika pati. Ahedi anasangalala. Anati mwayi wathu ndi umenewu.

Apa ndi pamene ndimaganiza kwambiri ndikakhala ndekha. Munthu akamabwera mlendo amasesa, ndi mmene tinaleredwera tonse. Ndiye ahedi anasesa. Anabwereka mabenchi kwina kuti pasakhale mwana wokhala pansi. Ana aphokoso kwambiri anawatuma kukathirira maluwa kuseri. Anauza onse abwere atachapa. Mwana wanga ahediwo anamuuza kuti, "Madamu, muwaonetse kuti pano pali aphunzitsi." Ine ndemwe ndinadzuka m'mamawa kumupangira tiyi wa uchi wambiri, ndinamumanga mpango pakhosi mpaka nthawi yolowera, kuti mawu atuluke. Ndipo anatuluka. Tsiku limenelo anaphunzitsa ngati kale. Ana mbali zonse manja m'mwamba, zii pofunika zii, kuyankha pofunika kuyankha. Mlendoyo, bambo wamagalasi wonenepa, anatuluka akumwetulira. Anadutsa pafupi ndi khitchini yanga, ndinamva akuuza ahedi.

"Ndayenda masukulu ambiri, njira imeneyi sindinaione. Makalasi awiri, mphunzitsi mmodzi, ana n'kumakhoza chonchi."

"Timayesetsa, bwana," anatero ahedi, mawu odzaza.

Patapita nthawi yankho linabwera. Ahedi anabwera nalo okha pakhonde pathu, sanakhale pansi ngakhale ndinawapatsa mpando.

"Mphunzitsi uja amutumiza kwina."

"Chifukwa?" anafunsa mwana wanga.

"Akuti kumeneko ana analephera kwambiri. Akuti ife tikukwanitsa."

Mwana wanga anayang'ana beseni la makope. Kenaka anaseka, koma kuseka kwake kunatuluka ngati chitseko cha dzimbiri.

"Tikukwanitsa," anatero. "Mwamva, Amayi? Bwererani m'chipinda mwanu."

Sindinabwerere. Ndinati mwina asintha maganizo.

Teremu yotsatira mawu sanatsegukenso. Ankalankhula ngati munthu wonong'ona mokakamiza, mitsempha ya pakhosi itaima. Anayamba kutsokomola, ndipo akamameza ankatseka maso. Ndinamukoka kupita kuchipatala chaching'ono chapafupi tsiku Loweruka. Namwino anamuunika ndi tochi, anamugwiragwira pakhosi.

"Mumagwira ntchito yanji?"

"Yauphunzitsi."

"Zayamba liti?"

Mwana wanga anati posachedwa. Ine ndinati bodza, chaka chatha.

"Mverani amayi anu," anatero namwinoyo. "Ine pano ndingokupatsani mapiritsi a ululu. Koma pali chimene sindikuchikonda apa. Mupite kuchipatala chachikulu akakuoneni ndi makina. Osati mwezi wamawa. Ndipo musiye kulankhula."

"Mphunzitsi asiye kulankhula," mwana wanga ananong'ona tili panjira. "Mawa adzauza telala asiye singano."

"Tipita liti?"

"Ana akalemba mayeso."

"Mayeso ali kutali."

"Akalemba, Amayi."

Chipatala chachikulu si kopita m'mawa n'kubwera madzulo. Ukapita umadikira, amakuuza bwera tsiku lakuti, umadikiranso. Iye ankadziwa kuti akapita ndiye kuti mwezi watha, mwina iwiri.

Ine muofesi ya ahedi ndinali ndisanalowemo. Koma tsiku lina ndinavala nsalu yanga yabwino, ndinapita. Ndinawapeza akudya mtedza wa m'thumba uku akuchonga makope, manja a jekete oyera ndi choko. Anaimirira.

"Amayi, kwagwanji?"

"Mwana wanga akudwala. Mumupatse tchuthi."

"Khalani pansi."

"Ndaima bwino."

Anapuma mozama. "Mukuganiza kuti sindikuona? Ndinamuuza sabata yatha, Madamu pitani. Anandifunsa kuti ana awasiyira ndani. Ine ndemwe ndili ndi makalasi awiri, kuonjezera ofesi ino. Madamu a ana aang'ono ali ndi pakati, mwezi uno kapena wamawa achoka. Mphunzitsi winayo mukumudziwa, amabwera Lachiwiri atamwa za Lamlungu. Ndiwatenge kuti anthu?"

"Atumizeni kwawo anawo."

"Olemba mayeso?"

"Onse. Atsekereni. Mwina kuofesi kwanuko akamva kuti simukukwanitsa."

Ahedi sanali munthu woipa, ayi. Anali ngati ife tonse, woopa kuoneka wolephera.

"Akavomera iye, ine ndisaina lero lomwe," anatero. "Kamuuzeni ndinu mayi ake."

Madzulo ndinamulanda cholembera chofiira m'manja. Sindinayambe ndachitapo zimenezo.

"Ahedi avomera. Mawa tikupita."

Anatambasula dzanja kuti ndimubwezere.

"Iwe, ndine ndinakubereka. Anawa ali ndi amayi awo. Ine ndili ndi iwe wekha."

Anandikodola kuti ndiyandikire, poti mawu sankafika patali. Ndinawerama.

"Inu sukulu munasiya chifukwa chiyani?"

"Usayambe zimenezo."

"Munasiya chifukwa chiyani?"

"Mphunzitsi anachoka."

"Wina anabwera?"

Ndinayang'ana kumbali.

"Muli atsikana m'kalasi muja," ananong'ona, "amene ndikangochoka mwezi umodzi, makolo awo anena zimene ananena agogo, bambo anu aja. Ndikuwadziwa ndi maina. Akalemba, ndipita. Ndalonjeza."

Anatenga cholembera chake m'manja mwanga, pang'onopang'ono, ngati akulanda mpeni kwa mwana. Ine ndinapita kukhitchini. Moto unali utazima, ndinakhala choncho osaukoleza.

Sipanatenge nthawi, mawu anatheratu. M'mawa wina anatsegula pakamwa kuti andipatse moni, panangotuluka mpweya. Ndinati basi, lero sapita. Anavala, anatenga choko ndi rula yake yathabwa, anapita.

Ndinakhala pampando wanga kudikira phokoso. Ndinkati ana ochuluka chonchija, opanda wowakalipira, agwetsa denga. Koma kunali zii. Ndinkangomva rula, go go, pa desiki. Kenaka choko pabolodi. Kenaka ana onse kuwerenga pamodzi zimene walemba. Go go, mbali inayo. Ndinapita kukasuzumira pazenera. Ankalemba chilichonse, funso, yankho, ngakhale "khala pansi". Akafuna mwana ankamuloza ndi rula. Ana aja, ngakhale aphokoso othirira maluwa aja, anali chete ngati ali pamaliro, maso onse pa dzanja lake. Wina akatsokomola anzake ankamuyang'ana moipa.

Ahedi anaima pambali panga pazenerapo. Anati, "Mwaona? Ndi mphunzitsi ameneyu." Ndinawayang'ana, anachoka.

Anthu ankati n'zodabwitsa. Ine chete ameneyo ankandilasa kuposa phokoso. Zaka zonse zija ndinkatsuka mbale ndikumva mwana wanga. Tsopano ndinkamva rula.

Kunyumba anabwera ndi sileti ya ana aang'ono. Akafuna kanthu ankalemba. Ine kuwerenga kwanga n'kwa kalasi yachitatu, ndimagwira chilembo chimodzichimodzi ngati ndikutola nyemba. Ndiye ankalemba zilembo zikuluzikulu, n'kumadikira. Ndikawerenga bwino ankachonga pambali ndi choko. Ndikalakwa ankagwedeza mutu, n'kulemba pansi pake, "Mubwere ndi makolo." Tinkaseka, ine ndi mawu, iye ndi mapewa. Ndi nthawi imeneyo imene dzanja langa linazolowera kulemba, chifukwa nthawi zina ndinkamuyankha pasileti pomwepo, kuti asakhale yekha wosalankhula m'nyumba.

Chakudya chinayamba kukana kudutsa. Ndinkaphika zofewa, kenaka zamadzimadzi, kenaka ndinkasefa. Madiresi ake anayamba kulendewera. Ndinkabweza m'chiuno ndi singano iye ali kusukulu, osamuuza, iyenso osafunsa.

Ana analemba mayeso. Tsiku lomaliza anabwera kunyumba, anakhala pakhonde, analemba pasileti, "Tiyeni." Tinanyamuka m'mawa mwake.

Za kuchipatala chachikulu sindinena zambiri. Mabenchi, makonde aatali, fungo la mankhwala otsukira pansi. Tinadikira, anatiuza tsiku lina, tinagona kwa mwana wa mng'ono wanga, tinabweranso. Pomaliza dokotala, mtsikana wamng'ono kuposa mwana wanga, anatiitanira m'kachipinda. Anayang'ana zithunzi za pakhosi zimene anamujambula, anatiyang'ana ife.

"Munali kuti nthawi yonseyi?"

Mwana wanga analemba pasileti, "Kuntchito."

Dokotalayo anawerenga. Kenaka anatiuza kuti pakhosi pamera chotupa, ndipo chafalikira. Anati chikanapezeka kale akanayesa kuchotsa. Tsopano angothandiza kuti ululu uchepe.

Ndinafunsa, "Adokotala, ndi kukuwa kuja? Ndi choko?"

"Sindinganene choncho, amayi. Matendawa amagwira ngakhale osakuwa. Chimene ndikudziwa n'chakuti munthu mawu akasasa nthawi yaitali chonchi amayenera kubwera msanga. Aphunzitsi ambiri amati ndi ntchito chabe, zitha pa holide."

Sindikudziwa ngati yankho limenelo linandipepuza kapena linandilemetsa. Mpaka lero sindikudziwa.

Anafuna kubwerera kunyumba ya kusukulu, ndiye tinabwerera. Sukulu itatsegulira iye anali pabedi. Chipinda chachitali chija chinalibe mphunzitsi. Ana ankabwera m'mawa, kukhala, ahedi ankalowa kamphindi kuwapatsa ntchito, n'kuthamangira kwawo. Phokoso linkafika mpaka kuchipinda kwake. Ankatsegula maso, dzanja n'kumafufuza pambali pa bedi. Ndinkadziwa kuti akufuna rula. Ndinaibisa pamwamba pa kabati.

Zotsatira za mayeso zinatuluka iye akadali moyo. Ahedi anabwera kudzamuwerengera maina a amene akhoza. Anali ambiri. Pa dzina lililonse la mtsikana ankatseka maso n'kutsegula. Atatha ahedi anati, "Madamu, mwagwira ntchito." Iye anapempha sileti. Zilembo zinapita chokhota. Ahedi anawerenga, anandipatsa ine. Panalembedwa, "Wina abwera liti?"

Anamwalira m'mawa wina dzuwa litatuluka kale, ana akufola panja. Ndinali nditapita kukatenga madzi ofunda oti ndimupukute.

Tinakamuika pafupi ndi bambo ake. A Tayi anabwera, tayi yakuda pakhosi. Anandigwira dzanja. Anthu a kuofesi yaikulu anabweranso, bambo wamagalasi uja analankhula, anati boma lataya mphunzitsi wosowa. Ine ndinkangoyang'ana nsapato zake.

Nditabwerera kukatenga katundu, ahedi anabwera pakhonde. Ulendo uno anakhala pansi.

"Amayi, sindikudziwa ndiyambire pati."

"Nyumba," ndinatero.

"Sindikukuthamangitsani. Koma atitumizira aphunzitsi. Awiri. Atsikana, angomaliza kumene kukoleji. Akuti poti nyumba yapezeka ya zipinda ziwiri, ndiponso makalasi awiri alibe munthu."

"Tsopano simukukwanitsa."

Anayang'ana pansi. "Tsopano sitikukwanitsa."

Atsikanawo anafika ine ndisanachoke. Ana abwino, aulemu, anagwada pondipatsa moni. Sankadziwa zambiri, anangomva kuti mphunzitsi wakale anamwalira. Wina analowa m'chipinda chija ndinkasesa Loweruka lililonse, anatuluka akumwetulira.

"Agogo, chipindachi ndiye chaukhondo. Munkagona ndani?"

"Munalibe munthu."

"Katani yamaluwayi mutenga?"

"Ndi yanu. Inakudikirani nthawi yaitali."

Anathokoza, koma sanamvetse. Sindinafunenso kuti amvetse.

M'mawa wa tsiku lonyamuka ndinamva matabwa. Ndinasiya kumanga katundu, ndinapita. Mlonda ankawatuta kuseri kwa ofesi kubwera nawo m'kalasi. Anali atakhala panja nthawi yonseyo, mvula ndi dzuwa. Ena anapindika, ena chiswe chinadya kumapeto, ena ahedi anakhomera mabenchi mlendo uja atapita n'kubweza obwereka aja. Kangalande kanali katadzaza dothi la mapazi a ana, ankakafukula ndi msomali. Analowetsa kuchokera kukhoma la uku, analowetsa kuchokera kukhoma la uko, akumenya ndi mwala kuti alowe. Atatha, pakati panatsala mpata woti munthu n'kuimapo.

"Sakukwana," anatero mlonda, akupukuta thukuta. "Ndiwauza ahedi agule ena."

Ndinayang'ana mpatawo. Simenti ya pamenepo inali yosalala kuposa pena paliponse, yodyeka pang'ono. Ndi pamene ankaima.

Ndinaitana atsikana aja. Anabwera, choko chatsopano m'manja.

"Ana anga, mpata uwu autseke. Muwavutitse mpaka autseke. Ndipo mnzako akadwala, akachedwa, akachoka, wina akati tsegulani, mukane."

"Chabwino, agogo," anatero wamkuluyo. Anayang'anizana ndi mnzake. Ndinaona kuti akuti nkhalambayi chisoni chaisokoneza. Wamng'onoyo anasuzumira pampata paja n'kuseka, anati, "Komatu n'pabwino, tizibwerekana choko."

Ndinabwerera kunyumba, ndinatenga sileti ndi rula, ndinaziika pakati pa zovala. Mwana wa mng'ono wanga anali atafika ndi galimoto yobwereka, ndi kwa iye kumene ndikukhala tsopano, m'kachipinda koyang'ana khoma la aneba. Tikukweza katundu, nthawi yolowera m'kalasi inakwana. Ana anali balalabalala pabwalo. Mtsikana wamkulu uja anaima pakhonde, anaitana, mawu ake sanafike ngakhale pamtengo. Anaitananso. Ndiye ahedi anatuluka muofesi, anatola mwala, anapita pa chitsulo chija.

Zaka zonse ndinakhala pasukulupo belulo ndinali ndisanalimve bwinobwino. Limalira moipa, ngati poto wosweka. Ana anathamanga kukalowa.